Zipata za e-toll zinazima, ngongole yake tikuilipira kuchipatala

Pa 11 April 2024, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko usiku, boma la South Africa linazimitsa makina a e-toll pa misewu ikuluikulu ya m'chigawo cha Gauteng. Kutacha, mu Joni monse munali chimwemwe ngati kuti Bafana Bafana yabwera ndi chikho. Andale omwe dzana ankaikira kumbuyo zipatazi anayamba kudziguguda pachifuwa kuti azichotsa ndi iwo, ndipo ife a kumudzi amene tili ndi timagalimoto tathu tinalowa nawo m'bwalo. Mpaka lero, nkhani ya zipata zolipiritsa pamsewu ikangoyambika pomwe takumana, kaya ndi pamaliro kaya pachinkhoswe, sipalephera kudzuka bambo wina n'kunena kuti: "Kumudzi akugona. Achite ngati anthu a ku Gauteng, angokana kulipira, za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke zigwa zokha."

Abale ndi alongo, ine ndikukana, ndipo ndinena mosapsatira mawu. Chomwe chinachitika ku Gauteng n'chakuti eni magalimoto anatula katundu wawo pamutu pa anthu oyenda pansi, ndipo boma, poopa kuluza mavoti, linawathandiza kusenzetsa. Malangizo amene tikutumiza kumudziwa ndi oopsa, maka kwa amayi athu omwe sadzakhalako ndi galimoto moyo wawo wonse.

Poti ena mwa owerenga muli ku Manchester, ku Dublin ndi ku South Bend, ndipo msewu wa Ben Schoeman simunauyendepo, ndiyambe ndi pomwe nkhani inayambira. Gauteng ndi chigawo chaching'ono kuposa zigawo zonse zisanu ndi zinayi za dziko lino, koma ndi komwe kwadzaza anthu kuposa kwina kulikonse. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 12.3 miliyoni. Wa 2022 anapeza 15.1 miliyoni. Oonjezerawo okha akuposa anthu a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba mutawaphatikiza, malinga ndi kalembera wathu wa 2018. Ndipo tisadzinamize, ena mwa oonjezerawo ndi ifeyo. Anthu akachuluka chonchi msewu umachepa, ndipo amene ankayenda pakati pa Pretoria ndi Johannesburg chaka cha 2010 chisanafike akukumbukira momwe magalimoto ankakwawira ngati nkhono kuyambira mbandakucha.

Mu 2008, World Cup ili pafupi, bungwe la boma loona za misewu la SANRAL linayamba kukuza misewu ya N1, N3, N12 ndi R21, makilomita pafupifupi 185, pa mtengo wa pafupifupi R20 biliyoni. Ndalamazi anachita kukongola, ndi lonjezo lakuti oyenda pamisewupo ndiwo adzabweze. Sanamange tinyumba toimapo n'kulipira monga mukudziwira. Anaimika zitsulo zopingasa pamwamba pa msewu, zokhala ndi makamera owerenga nambala ya galimoto ikuthamanga, bilu n'kukulondola kunyumba. Bungwe la OUTA, lotsogoleredwa ndi a Wayne Duvenage, linathamangira kukhothi ndipo mu April 2012 linapeza chiletso, koma Constitutional Court inachotsa chiletsocho mu September chaka chomwecho. Kulipiritsa kunayamba pa 3 December 2013, patatsala masiku awiri kuti Madiba atisiye.

Kunena zoona, boma linali litadziputira lokha mkwiyo. Kufunsa maganizo a anthu kunali kwa timazidziwitso ta m'nyuzipepala mu 2007, tomwe ambiri sanatione n'komwe. Misewuyo sinali yatsopano. Inali yomwe anthu anakhala akuyendapo ulere kwa zaka zambiri, ndipo njira ina yabwino yolambalala panalibe. Ntchito yotolera ndalama inapita ku kampani yomwe mwini wake wamkulu anali Kapsch ya ku Austria, ndipo kutolerako pakokha kunkadya ndalama zambiri. Mabilu ena ankafika olakwika kaamba ka akathyali okopera manambala a magalimoto a eni. Poonjezera apo, mu 2013 Competition Commission inalipiritsa makampani 15 a zomangamanga chindapusa cha R1.46 biliyoni chifukwa chopangana mitengo mseri pa ntchito za boma, kuphatikizapo mabwalo a World Cup ndi misewu. Zonsezi n'zoona, ndipo amene anakwiya sanali openga.

Koma funso lomwe anzanga ovina aja safuna kulimva ndi ili: kodi amene ankayenera kulipira e-toll anali ndani? Mabasi ndi minibasi zolembetsedwa, zomwe kuno amati matekisi, boma linazichotsa pa mndandanda wa olipira. Mayi wa ku Tembisa kapena ku Diepsloot wodzuka 4 koloko kukakolopa m'nyumba za ku Sandton sankalipitsidwa kanthu. Mnyamata wa ku Mangochi wosamala maluwa ku Randburg sankalipitsidwa kanthu. Bilu inkapita kwa mwini galimoto ndi kwa makampani a malole. Ndipo mu 2015 a Cyril Ramaphosa, ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, analengeza kuti galimoto yaing'ono siidzalipira kuposa R225 pamwezi, kutsika kuchoka pa R450. Imeneyi ndi ndalama yosadzaza ngakhale theka la thanki ya petulo pa mitengo ya nthawiyo. Munthu woyenda yekha m'galimoto ya mipando isanu, pamsewu wa mizere inayi wowala magetsi usiku wonse, ndiye anadziveka chiguduli cha mmphawi woponderezedwa. Ngakhale COSATU, yomwe mamembala ake ambiri amakwera matekisi, inaguba m'misewu kumenyera thumba la oyenda pa galimoto zawozawo. Zodabwitsa.

Anthu anakanadi. Malinga ndi a OUTA eni ake, olipira sanapitirire kwenikweni 40 pa 100 aliwonse, ndipo m'zaka zomaliza anali osakwana 20. Mu March 2019, chisankho chili pakhomo, SANRAL inasiya kutumiza masamoni kwa okana kulipira. Apa aliyense anadziwa kuti galuyu ndi wouwa chabe. Koma ngongole siigona tulo. Chiwongoladzanja chinkakwerabe, ndipo okongoza sankafuna kumva za zionetsero. Mu October 2022 nduna ya zachuma, a Enoch Godongwana, inalengeza kuti boma lalikulu lisenza magawo 70 pa 100 a ngongoleyo, ndipo boma la Gauteng lisenza 30. Gawo la Gauteng linakwana R12.9 biliyoni, yolipira m'zaka zisanu, kuonjezerapo R4.1 biliyoni yokonzera misewuyo pomwe inayamba kuonongeka. Mu September 2024 chigawochi chinapereka chigawo choyamba, R3.8 biliyoni. Amene analipira mokhulupirika kwa zaka khumi sanabwezeredwe kalikonse, anangosanduka choseketsa pa mowa.

Onaninso tsiku lomwe makinawo anazima: masabata asanu ndi awiri chisankho cha pa 29 May 2024 chisanachitike. Ndipo ANC ku Gauteng inagwabe, kuchoka pa mavoti 50 pa 100 mu 2019 kufika pochepera 35. Anagula mavoti ndi ndalama za eni, mavotiwo osawapeza.

Tsono ndalama za eniwo ndi za yani? Apa ndipo ntchito yanga ikundikakamiza kulankhula. Boma la chigawo m'dziko lino lilibe chitsime chakechake chozama. Ndalama zake zambiri zimachokera ku boma lalikulu, zotolera lokha ndi zochepa, monga za malaisensi a magalimoto ndi misonkho ya juga. Ndipo gawo lalikulu la thumbalo limapita ku zinthu ziwiri, masukulu ndi zipatala. Mukatapa R3.8 biliyoni m'nkhokwe imeneyi, simukutapa kwa mwini BMW. Mukutapa pomwe pamachokera malipiro a anamwino, mankhwala a shuga ndi a BP, magolovesi, mafuta a ambulansi. Ife amene timagwira mashifiti ausiku timadziwa tanthauzo la mawu akuti malo a ntchito aimitsidwa kaye: mnzako akapuma pantchito salowedwa m'malo, ndipo odwala ake amakhala ako. Munthu amene ankakhululukidwa e-toll chifukwa amakwera tekisi, lero akuilipira pokhala pabenchi ya kiliniki kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndipo nkhokwe ikayamba kuonekera pansi, woyamba kulozedwa chala ndi mlendo. Mwaiwala kodi kanema wa mu August 2022, pomwe a Phophi Ramathuba, ali mkulu wa zaumoyo ku Limpopo, ankadzudzula mayi wa ku Zimbabwe ali gone pabedi la chipatala, kuti anthu ngati iye akutha bajeti? Mwaiwala a Operation Dudula ataima pageti la chipatala cha Kalafong chaka chomwecho, n'kumabweza odwala powaona khungu ndi kuwamva chilankhulo, zomwe anabwerezanso pa makiliniki ambiri mu 2025? Amene amabwezedwa pamenepo ndi alongo athu oyembekezera. Nanga ife tikuvina chiyani pomwe mabiliyoni akuchoka m'thumba lomwelo kukalipira msewu umene eni magalimoto anakana kulipira?

Ndikudziwa yankho lake, ndalimva kambirimbiri. Amati akanaleka kuba, ndalama zikanakwana zonse. Kuba kulipodi, ndipo ife a zaumoyo sitichita kuuzidwa. Mayi Babita Deokaran anaomberedwa pakhomo pawo mu August 2021 atakayikira ndalama zomwe zinkatuluka kudzera ku chipatala cha Tembisa, ndipo ofufuza a SIU anadzapeza kuti zobedwa zinafika cha m'ma R2 biliyoni. Koma ndiuzeni, wakuba uti anagona ndi njala chifukwa inu munang'amba bilu ya e-toll? Wakubayo amadya poyambirira, chakudya chikadali chotentha. Choperewera chimagwera wa kumapeto kwa mzere. Mbava imafuna apolisi, makhothi ndi ndende, ndipo nkhondo imeneyo tiimenye ndi mphamvu zonse. Kukana kulipira msewu womwe ukuyendapo tsiku ndi tsiku n'kungoonjezera dzenje lachiwiri pambali pa loyambalo.

Ena amati njira yabwino inali kuonjezera timasenti pa lita ya mafuta, poti kutolera kwake n'kotchipa. Kutchipa n'kotchipadi. Koma msonkho wa pa mafuta amalipira aliyense: mlimi wa ku Giyani amene sanaonepo N1 ya ku Midrand, mwini tekisi amene mawa lake amakweza mtengo, wophika buledi amene amaukankhira kwa ogula. Komanso kuno msonkho umenewu supita ku misewu yokha, umathiridwa mumphika waukulu wa boma momwe nduna iliyonse imapisamo dzanja. Kwathu nakonso taona. Malamulo amati gawo la mtengo wa mafuta lizipita ku Roads Fund Administration, koma m'zaka za 2023 ndi 2024 nyuzipepala za kumudzi zinkalemba kuti ndalamazo sizikufika, chifukwa oitanitsa mafuta ankazigwira pobweza zomwe ankaluza pogulitsa mafuta pa mtengo wotsika. Ndalama yosaoneka pomwe ikulowera ndi yosavuta kuisowetsa. Ya pachipata imawerengeka: magalimoto angati adutsa, aliyense wapereka zingati.

Chimandiseketsa n'chakuti abambo omwe amalalikira zokana kulipirawa ndi omwewo amene December akafika amamanga katundu pa ngolo n'kuuyamba wa kumudzi. Kuchoka Pretoria kukafika Musina amapisa m'thumba pa Pumulani, pa Carousel, pa Kranskop, pa Nyl, pa Capricorn ndi pa Baobab, osadandaula, chifukwa msewu ukuoneka ndipo mpiringidzo sutukuka usanalipire. Akaoloka Beitbridge amalipira za ZINARA mpaka ku Nyamapanda. Akafika ku Tete amalipira pooloka Zambezi, komwe mlatho wachiwiri wa Kassuende, womwe unatsegulidwa mu 2014 n'kuchotsa malole pa mlatho wakale wa Samora Machel, unamangidwa ndi mgwirizano wodalira ndalama za pazipata. Amene ankadikira maola pamzere wa malole mu Tete kale akudziwa kusiyana kwake. Ulendo wonsewu amalipira mwaulemu. Akangoponda dothi la kwawo n'kuona chipata pa Chingeni, pamenepo ndiye ufulu wachibadwidwe wakumbukika.

Tsopano za kwathuko. Chipata cha pa Chingeni, m'malire a Ntcheu ndi Balaka, chinayamba kugwira ntchito mu November 2021, ndipo cha pa Kalinyeke ku Dedza chinatsatira mu January 2022. Anthu atalira, mtengo wa galimoto yaing'ono unatsitsidwa kuchoka pa K1,700 kufika pa K1,000, ndipo minibasi inaikidwa pa K2,000. Gawani K2,000 imeneyo kwa anthu 15 okwera, aliyense sankafika ngakhale pa K150. Kondakitala amene anakweza mtengo ndi K500 ponamizira chipata ndiye anakuberani. Olipira zenizeni pachipata ndi malole, ndipo n'zoyenera. Akatswiri a misewu ali ndi lamulo lawo lakuti ekiselo ikalemera kawiri, kuononga kwake pa phula kumachuluka pafupifupi ka 16. Njinga ya kabaza ingadutse kambirimbiri osasiya chizindikiro, koma lole imodzi ya simenti kapena thanki ya mafuta yochokera ku Beira imasiya mabala. Popanda chipata, mabala amenewa amalipira ndi msonkho wa mayi wogula sopo ndi shuga pa Tsangano.

Komabe musandimve ngati ndikuombera m'manja boma la kumudzi. Zipata ziwirizi zili ndi matenda omwewo amene anapha e-toll. Zinaikidwa pa msewu wakale, wopapatiza, womwe njinga, ngolo, mbuzi, ana a sukulu ndi mabasi othamanga amalimbirana phula limodzi. Munthu akalipira n'kugwera m'dzenje atangoyenda pang'ono, musamuyembekezere kuti akuthokozeni. Chipata chimakhala ndi nzeru chikamanga chinthu chomwe kunalibe. Lilongwe ikukula mbali zonse, Blantyre nayo, ndipo msewu wa M1 pakati pa mizinda iwiriyi ukadali wa mzere umodzi kupita, umodzi kubwera. Kodi tidikira a European Union kuti adzatimangire wa mizere inayi? Iwo ndi banki yawo ya EIB anathandiza kale kukonza M1 kuchokera ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, ndipo mlendo sakulimira munda chaka chilichonse.

Anansi athu ku Zambia anasankha njira imeneyi. Mu 2023 anasainirana ndi Macro Ocean Investment Consortium kuti amange msewu wa mbali ziwiri kuchoka Lusaka kukafika Ndola, makilomita 327, pa mtengo wa pafupifupi $650 miliyoni, kampaniyo n'kudzabweza ndalama zake pazipata m'mgwirizano wa zaka 25. Mgwirizano wakale wa mu 2017 pa msewu womwewo unali wa $1.2 biliyoni. Anthu a ku Zambia akukangana ndithu, maka poti mbali ina ya ndalamazo ndi ngongole yochokera ku thumba la penshoni la NAPSA, ndipo akuchita bwino kukangana. Koma onani chomwe akukanganirana: mtengo, zaka, mwini ndalama, mwini phindu. Amenewa ndiwo mafunso a anthu akuluakulu.

Inu a ku Britain muli ndi maphunziro awiri pakhomo panu. M6 Toll, yolambalala Birmingham, inatsegulidwa mu December 2003 ngati msewu watsopano, M6 yakale n'kukhalabe yaulere pambali pake. Wofulumira amalipira, wosafuna amapirira mzere. Koma pa Dartford, pooloka Thames, anthu analonjezedwa kuti kulipira kudzatha ngongole ya mlatho ikadzatha. Ngongole inatha, 2003 inadutsa, ndipo anthu akulipirabe. Boma likalawa ndalama ya pachipata silifuna kulavula. N'chifukwa chake tsiku lothetsa kulipira, kapena lotsitsa mtengo kuti utsale wongokonzera msewu, liyenera kulembedwa m'lamulo mpiringidzo woyamba usanatsike.

Ku Gauteng kuno, chotayika chachikulu sichikambidwa n'komwe. Ntchito ya 2008 ija inali gawo loyamba chabe. Panayenera kutsatira magawo ena, okhala ndi misewu yatsopano yeniyeni yotsegula madera omwe anthu akukhamukirako, ndipo ndalama zake zinkayembekezeka kuchokera pa zipata zomwezi. Magawowo sanachitike monga anakonzera. Lero wandale wa ku Gauteng sangayerekeze kutchula mawu akuti toll pamsonkhano, pomwe anthu akuchulukirabe ndipo mizere ya magalimoto pa Ben Schoeman ndi pa Gillooly's inabwerera kalekale. Ambulansi nayo imaima mumzere momwemo, sairini ikulira pachabe, wodwala ali m'kati. Walira mvula walira matope, koma kuno analira msewu, matope ake n'kukawapaka anzawo.

Choncho uthenga wotumiza kumudzi usakhale wakuti kanani. Ife tili kunja tili ndi mwayi woona momwe zinthuzi zimayendera ndi momwe zimafera, ndipo ndalama zathu n'zomwe zimagula magalimoto ambiri odutsa pa Kalinyeke. Bungwe lathuli, m'malo momangosonkherana za maliro, likhoza kulembera a Roads Fund Administration ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za mtengatenga. Tiwapemphe kuti pachipata chilichonse pakhale chikwangwani chosinthidwa mwezi ndi mwezi, cholemba m'Chichewa magalimoto omwe adutsa, ndalama zomwe zatoleredwa, ndi dzina la kontilakitala yemwe wazilandira pa kilomita iti. Tiwafunse ngati pali lamulo loletsa nduna kubwereka ndalamazi zinthu zikathina ku Capital Hill. Ndipo asanaike chipata china chilichonse, atiuze msewu watsopano womwe chidzamange, mtengo wake, ndi chaka chomwe kulipirako kudzathe. Kalatayo ndikhoza kuilemba ine ndikaweruka, a komiti akangovomera kuti ituluke m'dzina la bungwe.